Chotupa cha mwanayu n'kangaudedi?

Funso la lero lachokera kwa mayi wina wa kumudzi, chakumtunda kwa Ngabu m'boma la Chikwawa. Alemba motere:

"Chifukwa cha kutenthaku tikugona panja pa mphasa. Lachiwiri m'mawa mwana wanga wamwamuna wa zaka 9 anadzuka ndi kachotupa kofiira pantchafu. Lero ndi tsiku lachinayi, chakula ngati dzira la nkhuku, n'chotentha, pakati pake payamba kuoneka chikasu, ndipo mwanayo akutsimphina. Agogo ake akuti walumidwa ndi kangaude, akufuna amuteme mphini kuti poizoni atuluke. Kangaudeyo palibe anamuona. Ndingadziwe bwanji kuti ndi kangaudedi? Nanga ndiyenera kupita naye kuchipatala, poti n'kutali ndipo kabaza ndi wodula?"

Mayi, zikomo polemba. Ndiyambe ndi chimene sichingadikire. Mwanayo apite kuchipatala lero, zikavuta mawa m'bandakucha dzuwa lisanayambe kuswa mtengo, ndipo lumo la mphini lisamukhudze. Ndikudziwa kuti ndalama ya kabaza sitola pansi. Koma chotupa chofika pa dzira la nkhuku, chotentha, chokulirakulirabe tsiku lachinayi, pa mwana amene wayamba kutsimphina, chikufunika dzanja la wachipatala, kaya chinabwera ndi kangaude kaya ayi. Ngati thupi latenthanso, mawalo musaliyembekezere n'komwe.

Tsono za kangaudeyo. Mwana wanu sindinamuone, ndipo munthu sapimidwa pakalata, koma mmene mwafotokozeramu ine ndikuona chithupsa. Pakhungu pa anthu ambiri pamakhala kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Staphylococcus aureus, ndipo ndi kamene kamayambitsa zithupsa zochuluka. Kamangodikira khomo. Udzudzu ukaluma mwana iye n'kukanda ndi zikhadabo zakuda, munga ukamulasa kudimba, kapena thukuta likatseka pamene pamera katsitsi, khomo lapezeka. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kuchigwa kuno kumatentha kupitirira madigiri 40, ana amakhala thukuta lili kamukamu usana ndi usiku, ndipo zithupsa zimabwera ngati zachita kupangana. Chikasu chimene mukuonacho ndi mafinya. Poizoni wa kangaude sasonkhanitsa mafinya chonchi m'masiku oyambirira. Mafinya ndi ntchito ya tizilombo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi malowo. Pantchafu pali mnofu waukulu, ndipo m'mayiko otentha ngati athu ano mafinya nthawi zina amakasonkhana m'kati mwenimweni mwa mnofuwo, makamaka kwa ana ndi achinyamata. Nthawi zina amafika mpaka pafupa. Mwana wotsimphina amene ali ndi chotupa pantchafu timamupima ndi mtima wonse chifukwa cha zimenezi. Kuchipatala akachigwira, akaona ngati chapsa, akachiboola ndi zida zoyera mafinya n'kutuluka, ndipo akaona kuti n'koyenera akamupatsa mankhwala opha tizilombo. Mphini sizifika pamene pali mafinya. Zimangotsegula makomo ena asanu kapena khumi pakhungu lodwala kale, ndipo lumo lokhalitsa pamodzi ndi mankhwala akuda opaka pamphinipo ndi njira imodzi imene kafumbata amalowera. Kuchifinya ndi zala nakonso ayi, chifukwa mumakankhira mafinya m'kati.

Agogo ake sanalakwe kwambiri kuganizira kangaude. Dziko lonse limatero. Munthu akadzuka ndi chotupa chimene sakudziwa kumene chachokera, amayang'ana kudenga, n'kuona utatavu, mlandu n'kugwera mwini utatavuyo. Mu 2011 dokotala wina ku California, m'dziko la America, anafalitsa zimene anapeza atatsatira anthu 182 amene anabwera kuchipatala akunena okha kuti alumidwa ndi kangaude. Amene anapezekadi kuti ndi kangaude anali 7 okha. Anthu 156 anali ndi matenda a pakhungu oyambitsidwa ndi tizilombo, monga chithupsa cha mwana wanuyu. Kwinanso ku Kansas, ku America komweko, m'nyumba imodzi anatoleramo akangaude 2,055 a mtundu woopedwa kwambiri kumeneko pa miyezi 6 yokha, koma banja lokhala m'nyumbamo silinalumidwepo ndi mmodzi yemwe. Padziko pano pali mitundu ya akangaude yopitirira 50,000 yodziwika, ndipo imene ingadwalitse munthu kwenikweni ndi yochepa zedi. Ambiri mano awo ndi aang'ono moti khungu la munthu sangaliboole. Kangaude sayamwa magazi ngati udzudzu kapena nsikidzi, alibe chimene amafuna pathupi panu. Amaluma akapanikizika, monga mukamugonera, mukavala malaya iye ali m'katimo, kapena mukamukanikiza ndi mtolo paphewa.

N'chifukwa chake ife achipatala timati munthu walumidwadi ndi kangaude pokhapokha ngati kangaudeyo waoneka akuluma kapena wapezeka atatswanyika pomwepo, kapena ngati thupi lonse likuonetsa zizindikiro zimene ndifotokoze kutsogoloku. Chilonda pachokha sichitchula dzina la amene wachichita. Mumamva anthu akuti muyang'ane timabowo tiwiri ta mano. Kangaude wamng'ono timabowo take timayandikana kwambiri moti maso sangatisiyanitse. Mukaona mabowo awiri otalikirana bwino, magazi akutuluka, mwendo ukutupa mukuona, ganizirani njoka ndipo thamangani, musataye nthawi kusakasaka kangaude. Kuchigwa kuno njoka zimaluma anthu ogona pansi, ndipo ena amadzuka osaiona n'komwe. Tizotupa tikakhala tambiri, tondondozana ngati mzere wa mbatata, toyabwa, kapena anthu awiri atatu a pamphasa imodzi onse akudandaula, amenewo ndi nsikidzi, utitiri kapena udzudzu. Kangaude amaluma kamodzi, munthu mmodzi, n'kuthawa.

Pamenepa ndiye pagona nkhani imene ndikufuna muisunge, chifukwa ndi yotembenuka ndi mmene ambiri timaganizira. Kangaude woopsa kwenikweni m'chigawo chino cha Africa sasiya chotupa chachikulu. Pamene waluma pamangokhala kadontho kofiira, nthawi zina osaoneka n'komwe. Ukali wake umaonekera pa munthu yense, ndipo umaonekera msanga, tsiku lomwelo.

Ndikunena kangaude amene ku South Africa amamutcha button spider, mbale wake wa uja wa ku America wotchedwa black widow. Akatswiri amati Latrodectus. Ndi wamng'ono, mimba yake yobulungira ngati nsawawa kapena batani la malaya, miyendo yowonda, ndipo woluma anthu ndi wamkazi. Alipo a magulu awiri. Wakuda ndi wakuda bii ngati wopakidwa mafuta, ali ndi kadontho kapena timizere tofiira kumsana chakumatako, ndipo timatumba ta mazira ake n'tosalala, toyererako. Ameneyu amakonda kutchire ndi kumunda: m'udzu, pansi pa miyala ndi zitsa, m'milu ya mapira ndi mchewere, m'mapesi. Winayo ndi wotuwa kapena wofiirira, miyendo yake ili ndi mawanga m'mfundo, ndipo mukamutembenuza pamimba pake pali chizindikiro cha mtundu wa lalanje chooneka ngati kamtondo, chotakata kumwamba ndi kumunsi, chopyapyala pakati. Ameneyu ndi wa pakhomo. Mumupeza pansi pa mpando, m'mphepete mwa ndowa yovundikira, kuseri kwa mafelemu a mawindo, m'makona a chimbudzi, pansi pa chishalo cha njinga yokhalitsa osakwera. Kumuzindikira kosavuta ndi timatumba ta mazira ake, toyera, tokhala ndi timinga ngati chipatso cha nsatsi. Mukaona timipira taminga totere pa utatavu wosokonekera wopanda dongosolo, mwini wake ali pafupi. Wotuwayu poizoni wake kawirikawiri sapita patali, amathera pa ululu wa pamalopo. Wakuda ndiye amagwetsa munthu.

Poizoni wake amagwira mitsempha imene imalamula minofu. Poyamba munthu amamva ngati walasidwa ndi singano, kenako pamayamba kuotcha. Pakangopita mphindi 15 kapena kuposerapo pang'ono ululu umakwera n'kukafika m'khwapa kapena m'mphechepeche, pamene pamatuluka mwanabere. Pomatha ola limodzi minofu ikuluikulu imayamba kukokana: pamimba, kumsana, pachifuwa, m'ntchafu. Thukuta limachita kuyenderera mpaka zovala kunyowa, ndipo nthawi zina limayambira pamene paluma pomwepo, kachigawo kakang'ono kokha n'kumatuluka thukuta ndi tsemwe pamene khungu lina lonse lili louma. Munthu amasowa pogwira, sakhazikika, miyendo imafooka, nseru imabwera, nkhope imatha kutupa m'zikope, BP imakwera.

Ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Chaka china nthawi yokolola mapira anabwera nawo pangolo bambo wina wa zaka za m'ma 40, akubuula, akudzipinda, malaya ali chonyowa ngati agwa mu Shire. Nditagwira pamimba panali gwa ngati thabwa. Mutu wanga unathamangira ku matumbo, ndinati china chake chaphulika m'mimba, ndipo ndinayamba kulemba kalata yowatumiza kukachitidwa opaleshoni. Namwino wina wachikulire amene ndinali naye usiku umenewo sanatsutse. Anangowerama n'kufunsa kuti, "Bambo, kumundako chinachitika n'chiyani musanayambe kumva m'mimbamu?" Iwo anati palibe, kungoti posenza mtolo china chake chinawalasa pansi pa khosi, iwo n'kuyesa munga. Titaunikira ndi tochi tinapeza kadontho kochepa ngati njere ya mawere, timadontho ta thukuta titazungulira. Nditabwereza kupima pamimba paja ndinazindikira chimene ndinachiphonya: munthu wotupa matumbo amagona duu, safuna kugwedezeka, ndipo ukadina pamalo amodzi amalumpha. Bambowa ankagubuduzika pabedi, ndipo kudina sikunkawonjezera ululu. Anagona nafe, tinawapatsa mankhwala amphamvu a ululu ndi ofewetsa minofu, tsiku lachitatu anatuluka akuyenda okha, ngakhale kufooka kunawatenga sabata yathunthu. Kuyambira pamenepo, munthu wa thukuta ndi mimba youma nthawi yokolola ndimayamba kumufunsa za kumunda.

Munthu wotero asagone kunyumba. Ambiri amachira, imfa ndi yosowa, koma ululu wake si wa Panado, ndipo ana aang'ono, okalamba, amayi oyembekezera ndi amene ali ndi BP kapena matenda a mtima amatha kufika povutika kupuma. Mankhwala othetsa poizoni wa kangaude ameneyu alipo, amapangidwa ku Johannesburg ndi bungwe la South African Vaccine Producers, koma si opezeka paliponse, ndipo odwala ambiri amachira popanda iwo malinga akuyang'aniridwa ndi kupatsidwa mankhwala oyenera a ululu. Mwana wamng'ono satha kufotokoza zonsezi. Amangolira kosatonthozeka, thukuta lili thoo, thupi likuuma. Mwana wotero nyamulani ngakhale simunaone chimene chamuluma.

Ndiwonjeze pomwepa za chinkhanira, chifukwa kuchigwa kuno chimaluma anthu ambiri kuposa kangaude ndipo zizindikiro zake zimafananako. Chinkhanira sichibisa, ululu wake umabwera pomwepo ndipo ndi woopsa. Choyenera kuchiopa ndi cha mchira wonenepa ndi zopanira zowonda. Cha zopanira zikuluzikulu ndi mchira wowonda chimapweteka koma sichipita patali. Mwana wolumidwa ndi chinkhanira akayamba kutuluka dovu, kulephera kumeza, kunjenjemera kapena kuyenda mwadzandidzandi, imeneyo ndi ngozi ya ola lomwelo.

Gulu lina la akangaude oopsa ndi la amene poizoni wawo amawononga khungu, ndipo amenewa ndi amene amanamiziridwa zilonda zonse za m'mudzi. Wodziwika ndi violin spider, kapena kuti Loxosceles: wofiirira, wa miyendo yaitali yowonda, wamanyazi, wobisala m'malo amdima monga kuseri kwa katundu, m'makatoni, pansi pa miyala ndi makungwa. Poluma samveka kwenikweni. Pakapita maola angapo pamayamba kuwawa ndi kufiira, ndiye tsiku lachiwiri kapena lachitatu pakati pake pamada mobiriwira ngati pamene munthu wamenyedwa, pamatha kutuluka thuza, kenako pamalowa m'kati n'kuuma. Onani kusiyana kwake ndi kwa mwana wanu. Chithupsa chimatukuka, chimatentha, chimasonkhanitsa mafinya. Bala la kangaude uyu limakhala lafulati kapena lolowa, louma, lakuda pakati. Nkhanambo yakudayo imadzachoka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri n'kusiya chilonda chimene chimatenga masabata ambiri, nthawi zina miyezi iwiri kapena itatu, kuti chipole. Ambiri olumidwa safika n'komwe pamenepo, pamangofiira n'kupola. Mwa apo ndi apo poizoniyu amaswa magazi, munthu n'kutentha thupi, maso kuchita chikasu, mkodzo kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Kwathu kuno mkodzo wotero ukhozanso kukhala malungo aakulu, ndipo wa magazi ukhoza kukhala likodzo, choncho musadzivutitse kusiyanitsa, zonsezo n'za kuchipatala tsiku lomwelo.

Palinso kakangaude kotuwa mwachikasu, ka kukamwa kwakuda, kamene kamaluka kathumba ka ulusi m'mapindo a makatani, m'zovala zopachika ndi m'masamba opindika, n'kumayendayenda usiku. Ndi Cheiracanthium. Kamaluma ndithu anthu ali m'tulo, pamawawa ngati mbola ya njuchi, pamafiira masiku angapo. Kale kankanenedwa kuti kamaoletsa khungu, koma anthu amene anatsatiridwa atakagwira kakuluma, pafupifupi onse anapola popanda chilonda.

Nanga zikuluzikulu zija zimene zimachititsa ana kukuwa? Chikangaude chaubweya chokhala kuuna pansi chili ndi mano aakulu ndipo chikaluma chimapweteka kwambiri, mwina mpaka tsiku lonse, koma kawirikawiri zimathera pomwepo. Chafulati chija chimene chimamatirira pakhoma n'kuthamanga cham'mbali chilibe vuto, chimakudyerani udzudzu ndi mphemvu. Chachikulu cha mawanga achikasu cholukira ukonde pakati pa mitengo nachonso n'chofatsa. Ndipo chofiirira chaubweya chothamanga ngati mphepo chija, chimene chimabwera pamoto kapena panyali madzulo nyengo yotentha, si kangaude weniweni ndipo chilibe poizoni ngakhale pang'ono, chimangotsina. Zoopsa maonekedwe si zimene zimagoneka anthu m'chipatala.

Popeza zilonda zambiri zotchedwa za kangaude zimakhala zina, ndi bwino mudziwe zimene zimabisala kuseri kwa dzinali kuno kwathu, chifukwa zina mwa izo zili ndi mankhwala ake ndipo kuchedwa kumawononga. Ndamvapo kangapo munthu akuti kangaude wamukodzera, akuonetsa mzere wofiira wa matuza pakhosi kapena pankhope ngati wapsa ndi madzi otentha. Kangaude sakodzera munthu. Kawirikawiri kamakhala kachilombo kowonda, ka mawanga akuda ndi ofiira, kamene kamachuluka mvula ikagwa m'madera a minda yothirira ndi madambo, n'kumabwera pa getsi usiku. Sikaluma. Mukakatswanyira pakhungu madzi ake ndiwo amaotcha, ndipo matuza amatuluka mawa lake kapena mkuja. Kakakutera kauzireni kapena kakutumuleni, musakaphere pathupi, ndipo mukakatswanya sambani pamalopo ndi sopo msanga, osagwira m'maso. Matuza akakhala ambiri, owawa ngati moto, oyenda mbali imodzi yokha ya thupi ngati lamba, amenewo ndi mashingozi, ndipo munthu wake ayenera kupimidwa bwino, kuphatikizapo magazi.

Chithupsa chokhala ndi kabowo pakati, chotuluka timadzi, mwana n'kumati china chake chikuyenda m'katimo, imeneyo ndi mphutsi, yochokera ku ntchentche imene imaikira mazira pa zovala zoyanika pansi kapena pa dothi lonyowa ndi mkodzo. Kankhanambo kakuda kakang'ono kotsagana ndi mutu waukulu, kutentha thupi ndi mwanabere, pa munthu woweta ng'ombe kapena mbuzi, kamakhala ka nkhupakupa, ndipo matenda ake amamva mankhwala msanga. Koma chimene ndikufuna anthu a ku Ngabu, Bangula ndi madera onse a ng'ombe achidziwe ndi ichi: chilonda cha nkhanambo yakuda ngati khala, chotupa kwambiri m'mbali koma chosawawa, pa dzanja, mkono kapena nkhope ya munthu amene anasenda kapena kugawa nyama ya ng'ombe yofa yokha, chikhoza kukhala anthrax, matenda oopsa a ziweto amene amagwiranso anthu. Chimafanana kwambiri ndi bala la kangaude wowononga khungu uja, ndipo amene angachitche kangaude n'kukhala pakhomo akusewera ndi moyo. Kwa akuluakulu, zithupsa zobwerezabwereza kapena chilonda cha kuphazi chosapola ndi chifukwa chokwanira chokayezetsa shuga.

Tsono tinene kuti tsiku lina mwamuonadi kangaude akuluma. Sambitsani pamalopo ndi sopo ndi madzi oyera. Ikanipo kansalu konyowetsa ndi madzi ozizira a mumtsuko, muzisintha. Ngati ndi dzanja, vulani mphete ndi zibangili lisanatupe, ndipo likhale pokwera. Wamkulu akhoza kumwa Panado, mapiritsi awiri a 500 mg pa maola 6 alionse, osapitirira 8 pa tsiku. Mwana apatsidwe mlingo wa msinkhu wake, ndipo asipirini ana musawapatse. Tengani bolopeni muzungulize malire a pamene pafiira, mulembe nthawi pambali, ndipo ngati muli ndi foni jambulani. Kamzere kameneko kamatithandiza kwambiri, chifukwa mawa lake simudzakangana ndi maso anu ngati pakula kapena ayi. Kangaudeyo ngati n'kotheka muvundikireni ndi kapu n'kumulowetsa m'kabotolo, ngakhale wotswanyika ndi wothandiza, koma musamugwire ndi manja ndipo musachedwe ulendo chifukwa chomusaka. Osamanga mwendo ndi chingwe kapena mphira. Osatema, osayamwa, osaotcha. Petulo, madzi a m'batire, phulusa, mankhwala otsukira mano, ndowe, zonsezi ndaziona zitapakidwa pa mabala, ndipo chimene tinkachiza pambuyo pake chinali kupsa ndi kuola kobwera ndi zopakazo. Makapisozi ogula pagolosale n'kumathira ufa wake pachilonda nawonso sathandiza. Mukatero muyang'anireni munthuyo maola 6 oyambirira. Ngati ululu ukukhala pamalo pomwepo n'kumazirala, mtima ukhale m'malo, muzingoona balalo tsiku ndi tsiku.

Ulendo wa usiku womwewo, ngakhale pangolo, ndi wa munthu amene ululu ukumukwera thupi, minofu ikukokana, thukuta losaleka, akusanza, akubanika, watupa milomo kapena lilime, watuluka zidzolo thupi lonse, kapena wakomoka. Mwana wosakwana zaka 5 amene walumidwa ndi kangaude wakuda wobulungira uja apite ngakhale asanayambe kuonetsa kanthu. Ulendo wa tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake ndi wa bala limene ladutsa mzere wa bolopeni, latulutsa mafinya, lada pakati, latulutsa mizere yofiira yokwera mwendo kapena mkono, kapena labwera ndi kutentha thupi. Bala la pankhope, pafupi ndi diso, pa chala kapena kumaliseche musalisunge. Chimodzimodzi bala lililonse pa munthu wa shuga, wa HIV kapena mwana wonyentchera, chifukwa kwa iwo tizilombo timathamanga. Ndipo mwana aliyense wotentha thupi kuchigwa kuno ayezedwe malungo, ngakhale chotupa chikuoneka poyera, poti ziwirizi zimatha kubwera limodzi.

Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi. Kuboola chithupsa ndi ntchito imene imachitika pa zipatala zazing'ono zambiri, ndipo akaona kuti mafinya ali m'kati kwambiri adzakutumizani okha ku chipatala chachikulu cha boma, kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre zikafunika. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akhozanso kuchiona n'kukuuzani kumene mungayambire. Tengani kabuku ka kuchipatala ka mwanayo kuti akaone ngati katemera wa kafumbata anamaliza.

Kugona panja sindikuletsani, nyumba ya malata mu Novembala ndi uvuni. Koma neti ipite nanu panjapo, muimangirire pa mitengo kapena pakhonde n'kuipinda pansi pa mphasa mbali zonse. Imatchinga udzudzu, chinkhanira, nankalizi ndi kangaude yemwe. Mphasa ndi zofunda muzikutumula musanayale, nsapato ndi magambutsi muzigogoda musanavale, ndipo ana asapise manja m'mulu wa nkhuni kapena wa njerwa osaona. Madzi akasefukira, monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, tizilombo tonse ta pansi timathawira pamtunda pomwe pathawira anthu, choncho nthawi zoterozo kukutumulaku kumafunika kawiri. Pokolola mapira ndi thonje, malaya a manja aatali ndi kansalu paphewa musanasenze mtolo zimathandiza.

Kwa agogo ake, musawauze kuti akunama, adzaumirira. Auzeni kuti mwafunsa, ndipo akuti kaya ndi kangaude kaya n'chithupsa, poizoni kapena mafinya ali pakuya pamene lumo silingafike, akachotsa ndi achipatala. Ngati angathe, apite nanu limodzi akaone okha zimene zikatuluke. Usiku uno musambitseni mwanayo ndi sopo, muikepo kansalu koyera kofunda pang'ono, mum'patse Panado ndi madzi akumwa ambiri, muzungulize chotupacho ndi bolopeni. Mukafika kuchipatala musayambe ndi mawu akuti walumidwa ndi kangaude. Nenani kuti chinayamba Lachiwiri ngati kadontho, palibe anaona chomuluma, chakula chonchi, ndipo anayamba kutsimphina tsiku lakuti.